Nthanda m'Beseni la Sellah

Lolemba, 3 Malichi

Kope ili ndi lomwe ndinkalembamo kuchipatala chaka chatha, pamene mkazi wanga Sellah anagonekedwa. Linathera pakati. Tsamba lomaliza lili ndi mzere umodzi: "19 Ogasiti. Phala supuni ziwiri. Wabweza." Masamba otsatira ndi oyera, ndipo lero ndawafuna, chifukwa m'nyumba muno mwalowanso matenda.

Wodwala ndi Nthanda, nsomba ya Sellah. Ndi wofiira ngati papaya lakupsa, kutalika ngati chikhatho changa, ndipo ali ndi kadontho koyera pachipumi komwe kanamupatsa dzinalo. Amakhala m'bokosi lagalasi pabalaza. Sellah anamulandira zaka zisanu ndi zitatu zapitazo kwa mkazi wa manijala wa esiteti yakutsidya kwa dambo, yemwe ankamusokera makatani. Anthuwo posamuka galasi linawakanika kunyamula. Tinabwera nalo pangolo, Sellah atakumbatira ndowa ya nsomba pamiyendo ngati mwana wopita naye kusikelo, n'kumakalipira woyendetsa ng'ombe pa dzenje lililonse.

M'mawa uno ndamupeza akuyandama cham'mbali pamwamba pa madzi, mimba itatupa. Ndinayesa wafa. Nditagogoda galasi anapalasa zipsepse, kuyesa kumira, koma madzi anamubweza pamwamba ngati chitsononkho. Anayesa katatu. Ndinaima pomwepo mpaka tiyi anazizira m'manja.

Lachiwiri, 4 Malichi

Nditaweruka kusukulu kwabwera a Gomezgani, mkulu wa mpingo mnzanga. Kwawo ndi ku Nkhamenya, anapuma pantchito ya ulangizi wa maiwe a nsomba n'kukhazikika kuno ku Lisasadzi. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, nalowa thalauza akadalipisa m'sokosi. Asanayang'ane nsomba ananunkhiza madzi.

"Aphunzitsi, awa ndi madzi a nsomba kapena thobwa?"

Ndinawauza zoona. Timibulu tachakudya tomwe mwana wathu Vailet amatumiza kuchokera ku Lilongwe tinatha mu Januwale. Ndinachita manyazi kumuvutitsa. Ndakhala ndikuponyamo nyenyeswa za buledi ndi madeya.

"Kangati patsiku?"

"Ndikadutsa."

"Nanga mumadutsa kangati?"

Pabalaza ndi pomwe ndimakhala.

Anati iwo nsomba zawo zinali chambo ndi makumba, za m'galasi sanaphunzire, koma mimba ndi mimba. M'kati mwa nsomba muli kathumba ka mpweya kothandiza kukwera ndi kumira. Matumbo akadzaza n'kuuma amakapanikiza, nsomba n'kusowa chiwongolero. Zakudya zotsala zimaoleranso m'madzi n'kuiwotcha mopumira.

Tamugoneka m'beseni lobiriwira lomwe Sellah ankaviikamo nsalu zatsopano. Malangizo ndawalemba monga anawanenera. Madzi akhale ofika m'mfundo za zala basi, kuti asavutike kulimbana nawo. Akhale a pamjigo, ogonera m'chipinda momwemo kuti kuzizira kufanane. Tsiku lililonse kutunga gawo limodzi mwa atatu n'kuthira atsopano. Mchere wamiyala kasupuni ka tiyi m'malita asanu. Sopo asakhudze beseni. Ndowa iliyonse yomwe inaonapo mankhwala a kunazale isayandikire, ngakhalenso dzanja lochokera kufodya. Ndipo masiku atatu osadya.

"Osadya kalikonse?"

"Yayi, adada. Ngakhale kanyenyeswa."

Lachitatu, 5 Malichi

6 koloko m'mawa: kupuma ka 96 pa mphindi. Ndimawerenga kutseguka kwa mopumira mwake, wotchi ili m'manja, monga ankachitira anamwino ndi dzanja la Sellah. A Gomezgani akuti kukamatsika ndiye bwino.

Wogona naye pafupi ndi batire la sola, lomwe nalo ndi lodwala kale. Limayendetsa kapampu kotulutsa thovu la mpweya m'madzi. Sabata ino kuli mitambo, ndipo dzuwa likapendeka kapampu kamayamba kutsokomola, kenako zii. Pamenepo ndimatunga madzi ndi kapu n'kumawathira kuchokera m'mwamba pang'onopang'ono mpaka mkono kulema.

Kwabwera alamu anga a Fyness, akulu ake a Sellah. Amakhala kutsidya kwa msewu, ndipo kiyi wachiwiri wa nyumba ino ali ndi iwo kuyambira nthawi ya matenda aja.

"Ndamva kuti kansomba kagonekedwa. Wodi yake ndi iti?"

Ndinawalozera beseni. Anawerama, manja kumbuyo, napukusa mutu.

"Kakudya?"

"Adokotala akaniza."

"Dokotala wake uja wa sokosi?"

Anasiya mbale ya maungu patebulo n'kutuluka.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndabwera kusukulu n'kupeza pakhonde pali amayi anayi a Chigwirizano, anzake a Sellah, a Fyness ali pakati. Anali atayimba kale nyimbo imodzi. Tinapatsana moni mmodzimmodzi, anandipepesa za matenda, ine n'kuthokoza. Nditalowa m'nyumba ndinapeza madzi a m'beseni ayera ngati otsukira mpunga. Pansi panali phala, nyenyeswa za chigumu, ndi njere ziwiri za mondokwa zotafunidwa kale kuti zifewe.

Ndinabwerera pakhonde. Mayi Lefina, mkazi wa tenanti wa paesiteti, ochokera ku Phalombe, anandionetsa zikhatho zawo zakuda ndi utomoni wa fodya.

"Ine sindinakhudze, aphunzitsi. Ndinamva kuti manja awa ndi oletsedwa. Changa ndinapatsira a Fyness kuti andiponyereko."

"Katola bwino ndithu," anatero a Fyness. "Kanali ndi njala. Wodwala amazondedwa chimanjamanja? Zinayamba liti?"

Mayi Lefina anasiya ndawala ya fodya m'chigafa, nayenda mtunda wonsewo ndi chigumu m'kansalu. Chimanga paesiteti mwezi uno n'chopimidwa, ndikudziwa. Ndikanawauza chiyani? Ndinati zikomo kwambiri, Ambuye akudalitseni. Atapita ndinasintha theka la madzi, kenako thekanso.

Kupuma 110.

Lachisanu, 7 Malichi

Wagona chagada, mimba kumwamba. Mbali ya mimba yomwe ili kunja kwa madzi yayamba kuuma ndi kufiira. Ndimainyowetsa ndi nthenga ya nkhuku.

A Gomezgani pafoni: "Masiku aja afafanizeni. Lero ndi tsiku loyamba."

Ndauza a Fyness mwaulemu kuti alendo aziona ndi maso okha. Anati amva. Sanandiyang'ane.

Mphepo ikuchokera kuzigafa, nyumba yonse ikununkha fodya wofota. Mwezi ngati uno Sellah ankatseka mawindo a pabalaza, amvekere, "Nthanda sasuta."

Loweruka, 8 Malichi

Kupuma 102 m'mawa, 98 masana. Madzi ndasintha. Mchere ndathira.

Ndilembe izi monga zinachitikira. Cha m'ma 3 koloko ndinakhala pampando pafupi ndi beseni. Mthunzi wanga utagwera pamadzi, Nthanda anadzigwedeza nabwera cha kumene ndinali, ali chagada chomwecho, n'kumatsegula kamwa. Kutsegula, kutseka, kutsegula.

Masabata asanu ndi awiri ndinakhala pambali pa bedi ndi supuni m'manja. Ndinkauzira phala, kulisungunula, kulithira mkaka, kupempha, kunyengerera, tsiku lina mpaka kukalipa. Sellah ankatembenuzira nkhope kukhoma. Kamwa lotseguka ndi chinthu chomwe ndinkapempherera m'mawa uliwonse, osachiona. Lero lili patsogolo panga, ndipo ndauzidwa kuti ndilimane.

Ndinabenthula buledi, kochepa ngati njere ya mapira. Anatola. Ndinabenthulanso. Anatolanso. Kanayi.

Ndinasangalala kwa ola lathunthu. Ndinasesa ngakhale pakhonde.

Lamulungu, 9 Malichi

Mimba yakula. Mamba a m'mbali ayamba kudzuka. Sakupalasanso, akungotengeka ndi thovu la kapampu. Kupuma 118.

Kutchalitchi ndinakhala ngati mlendo, nyimbo sindinaimve. Titatuluka a Gomezgani anabwera nane kunyumba. Atawona beseni anavula chipewa n'kuchimenya pabondo.

"Amayi aja ndikalankhula nawo ndekha. Nkhani imeneyi ifike ngakhale kwa abusa."

"Musawavutitse. Ndine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maliro a Sellah anayendetsa ndi iwo, ndipo kuchipatala anabwera kanayi, anaiona supuni ija. Anakhala pansi, nakanda chipumi.

"Tiyambirenso," anatero. "Ikafika Lachitatu ili moyo, tidzayesa nsawawa yophika, yosenda khungu. Imafewetsa m'mimba. Koma ndisakunamizeni, aphunzitsi, mwina sifika."

Potuluka anatenga buledi yense anali m'kabati n'kumumangirira pakaliyala.

Lolemba, 10 Malichi

Tsiku lachiwiri. Ndisanapite kusukulu ndinaona a Fyness akudutsa msewu ndi kambale kovindikira. Ndinawachingamira pakhomo.

"Alamu, ndimati mundibwereke kiyi uja masiku ochepa."

Anaima. Anaika kambale pakhoma la khonde, nayamba kumasula mfundo ya pansonga ya chitenje, mosafulumira.

"Kiyi ameneyu anandipatsa ndi make Vailet, ali pabedi. Anati muzikaona kunyumba."

"Ndikudziwa, alamu. N'chifukwa cha nsombayi basi. Ikadya ifa."

"Ikadya ifa." Anabwereza ngati akulawa mankhwala owawa. "Mng'ono wanga munamulondola ndi supuni mpaka tsiku lomaliza, anamwino mpaka kukutulutsani panja. Lero mwaphunzira kumana?"

Kiyi sanandipatse m'manja, anamuika pakhoma pambali pa kambale, nawoloka msewu osacheuka.

Ndakhoma nyumba. Ndaphunzitsa kugawa manambala kwa ana makumi asanu ndi atatu, mtima uli m'beseni. Kambale ndakapeza pomwepo madzulo, nyerere zitalowamo. Munali futali.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kupuma 104. Kumchira kwatuluka timizere tofiira ngati ulusi. Sindikudziwa tanthauzo lake, a Gomezgani nawo akuti sakudziwa.

Mvula tsiku lonse, kapampu kanazima masana. Kapu, kuthira, kapu, kuthira.

Vailet anayimba. "Adadi, musadzivutitse. Kuno zimagulitsidwa, ndikubweretserani ina pa Isitala, yofanana ndendende."

Ndinati chabwino, mwanangu. Amanena mwachikondi. Sakudziwa kuti m'nyumba muno chamoyo chomwe chinkadziwa mapazi a mayi ake chatsala chimodzi. Sellah akamachokera kukhitchini Nthanda ankathamangira kukona ya galasi asanaonekere n'komwe. Ine sanandichitirepo zimenezo.

Watsegulanso kamwa. Ndinakhalira manja anga.

Lachitatu, 12 Malichi

Ali moyo. Kupuma 92. Masiku atatu akwana.

Nsawawa kulibe. Ndazungulira msika wonse wa pamsewu: nyemba zaziwisi, therere, chimanga, mphonda. Mayi wina anandiseka. "Nsawawa mu Malichi, bambo? Mudikire a kudimba, Julaye." Ndinafunsa a Gomezgani ngati nyemba zingachite. Anati sakudziwa, ndipo pa wodwala wotere safuna kuyesa zomwe sakudziwa.

Ndili m'njira ndinakumbuka kuti Sellah ankasunga mbewu ya nsawawa chaka ndi chaka, yodzala kudimba lake. Ndafunafuna m'kabati, pansi pa bedi, m'matini a ulusi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'nyumba imodzi, sindidziwa pomwe mkazi wanga ankaika mbewu. Wodziwa ndi mmodzi.

A Fyness ndinawapeza m'chigafa chawo, atakhala pachiguduli, akusoka fodya.

"Odi, alamu."

"Kwakhomedwa kwanu kuja, mwasowa kolowa?"

Ndinakhala pachitsa n'kufotokoza. Anapitiriza kubaya masamba, anayi, anayi, osadzutsa mutu. Atamaliza chingwe chimenecho anaimirira, nasamba m'manja katatu, komaliza ndi madzi okhaokha.

Botolo linali kukhitchini yathu yapanja, pamwamba pa khoma, kuseri kwa mtanda wa denga. Botolo la sobo lodzaza nsawawa zosakaniza ndi phulusa. Papepala lomatidwa ndi phala pali zilembo za Sellah zopendekera kumanzere: "Nsawawa. Dimba. Meyi."

A Gomezgani pafoni anafunsa ngati mbewuyo inathiridwa mankhwala a anankafumbwe. A Fyness anandilanda foni.

"Mng'ono wanga sankathira za m'sitolo. Phulusa la zitsononkho basi. Mufunsenso china."

Ndinati tiviike imodzi. Iwo anatapa dzanja lodzaza.

"Munaona kuti mphika wa nsawawa imodzi?"

Lachinayi, 13 Malichi

A Fyness anaphika kwawo, opanda mchere, opanda mafuta, mpaka kufewa. Ndinasenda imodzi, kuigawa panayi, n'kuphwanya kagawo kamodzi ndi chala.

Koyamba kanamira, iye ali pamwamba, osatha kukatsatira. Ndinakavuula. Kachiwiri ndinakabaya pansonga ya udzu n'kumufikitsira pakamwa. Anatembenuka. Ndinayesanso, udzu n'kumangogunda madzi.

"Bweretsani kuno," anatero a Fyness.

Anagwada, chigongono atatsamiritsa pamlomo wa beseni, nagwira udzu osagwedezeka, ngati akulowetsa ulusi pasingano. Ankalankhula motsitsa, mawu omwe ndinawamvapo m'wodi muja. "Tola, mwana wa eni. Tola pang'ono pokha. Usatichititse manyazi."

Anatola. Analavula. Anatolanso, osalavula.

A Fyness anafuna kubaya kena. Ndinagwira mbale. Tinayang'anana, kenako anaisiya.

Kupuma 88. Akadali chagada.

Lachisanu, 14 Malichi

M'mawa pansi pa beseni panali kachingwe kakatali kobiriwira. Ndinakayang'ana kawiri ndi magalasi, kenako ndinayimbira a Gomezgani.

"Wachita chimbudzi."

"Chachitali bwanji?"

"Ngati chala chamkombaphala."

"Makora, adada. Makora chomene."

Amuna awiri a imvi kukondwerera chimbudzi cha nsomba pafoni, dzuwa lisanatuluke bwino. Sellah akanaseka mpaka kugwira khoma.

Kagawo kena ka nsawawa madzulo. Watola yekha.

Loweruka, 15 Malichi

Wachoka chagada, wabwerera cham'mbali. Masana anamira mpaka pansi, nakhala kanthawi ndisanawerenge khumi, kenako madzi anamukweza. Anayesanso. Palibe chomwe ndingamuthandize. Ndingathe kusintha madzi, kuyeza mchere, kuwerenga, kulemba. Kumirako ndi kwake.

Timizere takumchira tayamba kuzimirira. Kupuma 76. Dzuwa lawala, batire nalo lapezako bwino.

Ndatsuka galasi ndi mchenga wa kudambo ndi madzi okha, timiyala tonse ndatiyanika. Ndauza Vailet kuti ina ija asagule, atumize timibulu.

Lachiwiri, 18 Malichi

Masiku awiri sindinalembe, ndimaopa kulodza. Kuyambira Lamulungu akusambira chilili. Amapendekerabe pang'ono kumanzere akamakhota, ndipo a Gomezgani akuti mwina adzakhala choncho mpaka kale.

Lero amutulutsa m'beseni. Anabwera ndi sokosi zawo, nanunkhiza madzi a m'galasi, nati awa ndiye madzi. Tinamusamutsa ndi kapu yaikulu. Anamira mpaka pansi, nazungulira kawiri, nakaima kukona yake ija yoyang'ana kukhitchini. Malangizo otulukira: kudya kamodzi patsiku, kochuluka ngati diso lake, ndipo wodyetsa akhale mmodzi.

A Gomezgani atapita kunabwera a Fyness ndi mbale yovindikira. Ndinawabwezera kiyi ndi manja awiri. Anamumanga pachitenje, navundukula mbale. Nsawawa zodzaza, zothira tomato ndi nsinjiro, pambali mbatata ziwiri.

"Alamu, izi zathiridwa mchere. Komanso wadya kale, amadya kochepa ngati diso."

"Ndani wanena za kansomba?"

Anakoka mpando nakhala moyang'anana nane.

"Mbale zanga zakhala zikubwerera momwe zinapitira kuyambira Ogasiti. Maungu munapatsa nkhuku, ndinaona. Lamba mwaboola mabowo awiri atsopano. Mumayesa a Lefina anasiya fodya wa bwana n'kuyenda mtunda wonse uja chifukwa cha nsomba? Tinkati mukaona iko kakudya, mwina nanunso mutola."

Ndinayang'ana m'mbale. Ndinati iyi ndi mbewu ya Sellah.

"Theka la botolo latsala. Meyi mukadzala nokha kudimba, ndikakulozerani pomwe ankadzala. Izi anasungira pakamwa, sanasungire khoma." Anandikankhira supuni. "Ndipo musanditembenuzire nkhope. Ndinaziona kokwanira."

Anakhala pomwepo, manja pamiyendo, n'kumawerenga motsitsa. Nditamaliza analoza kope ili ndi mlomo.

"Lembani, si mumalemba zonse?"

18 Malichi. Nthanda, kupuma 64, kagawo kamodzi. Ine Moffat, nsawawa supuni khumi ndi zinayi, mbatata imodzi ndi theka. Sanabweze.